Nandolo Wopita ku Sikelo

A Goliati Mulipa analandira dzina msinkhu usanaoneke. Anabadwira kuseri kwa Mbombwe chaka cha mvula yambiri, khanda lonenepa lolira ngati mbuzi, ndipo bambo awo, amene ankakonda nkhani za m'Baibulo koma osazimva mpaka kumapeto, anati ameneyu ndi Goliati. Mwanayo anakula bwinobwino mpaka mawu atayamba kusintha, basi thupi linaima pomwepo ngati chimanga cha pamchenga. Eni ake amati Mulungu anayamba kuwaumba ndi dothi lokwanira, kenaka kunabwera alendo, ntchito n'kuthera m'chiuno.

Chimene anamanidwa pa msinkhu anachilandira pakamwa. Ali mnyamata analembedwa ntchito yoweta ng'ombe za boma ku Mikolongwe, ndipo m'dzinja, udzu ukakula, kapitawo ankawapeza potsata mawu, poti mutu sunkaoneka. Anakwatira a Matilda, mkazi wamtali wosalankhulalankhula, n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, mudzi wa m'mbali mwa njira yopita ku Nchema. Anthu ankati banjalo n'loyenerana: mawu a anthu awiri ankatuluka pakamwa pamodzi. Ana aamuna awiri anatengera mayi awo, anatalika n'kupita kutauni. Wamkazi, Ellina, chitsirizira, anatengera bambo.

Chaka cha matipate ntchito ya ng'ombe inatha. A Goliati anagula njinga n'kuyamba kabaza pa Mbombwe. Chishalo anachitsitsa mpaka pansi penipeni, komabe popalasa matako ankavina uku ndi uku kuti mapazi afike. Okwera ankawakonda poti sankagwetsa munthu ngakhale pamatope, koma wokhala ndi chinsinsi ankakwera ya a Timoti, mnzawo wa pasiteji. Ukakwera ya a Goliati, pofika kumene ukupita njira yonse inali itadziwa kuti ndiwe yani, wadwala chiyani, ndipo mlamu wako anakuyankha bwanji. Belu ankaliza ngakhale kwa nkhuku yogona patali ndi msewu.

Dzinja lina, patapita zaka zingapo, kunabwera mayi wa magalasi, wofunda mpango kumutu. Anali a dokotala Latifa, ophunzitsa kusukulu ya madokotala ku Blantyre, mwana wa Ayao a mbali za ku Mbulumbuzi. Galimoto yawo inakanika pamtsinje, ndiye anapangana ndi a Goliati kuti aziwanyamula. Ntchito yawo inali yolemetsa mtima. Ankafika pakhomo pamene mayi anamwalira pobereka, n'kukhala pamkeka, n'kumafunsa mofatsa: matenda anayamba dzuwa lili pati, anauzidwa ndani, analamula ndani zopita kuchipatala, anamunyamula pa chiyani, anathera pati. A Goliati ankadikira panja pansi pa mtengo, ndipo aliyense wodutsa ankamuuza kuti ife tili pa kafukufuku.

Tsiku lina pobwerera, akukankha njinga pachitunda, dokotalayo anawafotokozera zimene ankapeza. Anati mayi samangofa ndi magazi kapena ndi mwana wopingasa. Amafa ndi kuchedwa, ndipo kuchedwako kuli patatu. Kulipo kwa pakhomo, anthu akukambirana. Kulipo kwa panjira. Kuliponso kwa kuchipatala komweko. A Goliati anamva kwa panjira kokhako, poti ndiko kunkakhudza njinga, ndipo anakutenga ngati ofesi yawoyawo.

Dokotalayo anali ndi ndodo yopala bwino yokhala ndi mzere wofiira, imene ankaisiya ku sikelo, kumene amayi oyembekezera amakayezedwa. Mayi wa mimba yoyamba amene mutu wake sunafike pamzerewo ankauzidwa kuti asachirire pakhomo, poti kwa munthu wotere njira ya mwana imatha kuchepa. A Goliati, mwa nthabwala zawo, anakaima pandodopo pamaso pa amayi onse. Mzere unawadutsa pamwamba pa chipewa. Dokotala anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Bambo Mulipa, inu mukadzaima, mudzachirire kuchipatala."

Nkhaniyo pasiteji anakaifikitsa okha, poti sakanatha kuisunga, ndipo kuyambira pamenepo a Timoti ankawalonjera m'mawa uliwonse powafunsa kuti mwezi ndi wachingati.

Masika awiri anadutsa. Zimene dokotala analemba zinawerengedwa kutali ndi anthu otha kuthandiza, ndipo tsiku lina nthawi ya chisanu lole inatsitsa pa Mbombwe njinga yatsopano yokoka kangolo. Kangoloko kanali koyera mbee, ka matiresi ndi denga la lona, mtanda wofiira mbali zonse, ndipo pahandulo panali belu lalikulu ngati la kusukulu. Komiti ya pamudzi inasankha a Goliati kuti aziiyendetsa. Malamulo ananenedwa pagulu: kangoloka n'ka odwala, makamaka amayi apakati; si ka katundu, si ka maliro. A Goliati anawabwereza mokweza dzanja lili pachifuwa, ngakhale panalibe amene anawapempha kulumbira.

Masiku oyamba ankangozungulira nako mudzi kopanda munthu, kuti mateyala azolowere. Lamulungu anaimirira m'tchalitchi nthawi ya zolengeza n'kunena kuti mayi aliyense, matenda akangoyamba, atume munthu adzakuwe pakhomo pawo, iwo adzabwera akuliza belu kuti njira itseguke. Kumbali ya amayi kunali zii. Iwo anayesa ndi ulemu.

Mvula inabwera n'kukhazikika. Kangoloko kananyamula bambo wothyoka mwendo pofolera nyumba, nkhalamba ya chibayo, ndi chidakwa china chimene chinalumidwa ndi galu wake yemwe. Mayi wapakati ngakhale mmodzi. Koma ana ankabadwa. M'mawa a Goliati ankangomva kuti kwa auje achira, kwa aujenso achira, iwo atagona tulo tabwino pampu ili kumutu. Kenaka, chimanga chikumasula ngayaye, mtsikana wina wapakati wa kutsidya anathera panjira. Anamunyamula pamachira, kudzera kanjira ka m'minda kozungulira, kuthawa msewu. Kanjirako kankadutsa kuseri kwa nyumba ya a Goliati, pamene kangolo kanaima pakhonde mateyala ali opopa.

Tsiku limenelo sanapite kusiteji. Anafunsa a Matilda kuti anthuwa anawalakwira chiyani. A Matilda anapitiriza kusadzula nkhwani.

A Goliati yankho ankalidziwa, monga amuna amadziwira za amayi, chapatali. Matenda a uchembere salengezedwa. Mayi akayamba kumva msana, amadziwa ndi mayi wake, mzamba, mwina ndi mbale mmodzi wodalirika. Akamva wa mtima woipa amangomanga mfundo paudzu kapena pansonga ya chitenje, mwana osatuluka. Mwamuna amamva zonse zitatha, ndipo bambo womubala ndiye amakhala wotsiriza. A Goliati anakulira momwemo, koma ankayesa kuti penti woyera ndi mtanda wofiira zinathetsa mwambo, monga mmene matipate anathetsera makadi a chipani. Atalingalira mozama anapeza kuti vuto n'lakuti amayi sanamvetse, ndiye mankhwala ake ndi kulengeza kwambiri. Lamulungu lotsatira analengezanso, ulendo uno m'Chinyanja ndi m'Chilomwe momwe.

Ellina anali atakwatiwa chilimwe chapitacho ndi Mateyu, mnyamata wamtali ngati bulugamu, wogwira ntchito m'minda ya tiyi ku Thyolo, amene ankabwera kumapeto kwa mwezi kokha. Pofika masika a Goliati anaona kuti mwana wawo wayamba kumanga chitenje m'mwamba. Palibe anawauza, iwonso sanafunse. Tsiku lina a Matilda, atabwera koperekeza Ellina ku sikelo, anawaikira madzi kubafa n'kulankhula akuyang'ana kwina.

"Mwana wanu wakaima pandodo ija."

"Ndiye?"

"Watengera inu."

A Goliati anakhala pampando mpaka madzi osamba anazizira. Abambo ena amasiyira ana awo ng'ombe, ena nyumba ya malata. Iwo chimene anapatsa mwana wawo wamkazi ndi chimenechi, ndipo anam'patsa chonse osabisako. Anamwino anali atanena kuti matenda akangoyamba, Ellina akapezeke kuchipatala chachikulu, kumene amatha kung'amba. Chipatalacho chinali kuseri kwa zitunda. Kukadikirira komweko kunkafuna ufa ndi munthu womusunga, ndipo chaka chimenecho, njala itangodutsa kumene, nkhokwe zinali zopepuka. Pamachira sakanafika. Chotsala chinali kangolo kaja. Koma mwini kangolo anali munthu amene mwambo umati asauzidwe, komanso amene mudzi wonse unkadziwa kuti akauzidwa iyeyo, yauzidwa Mbombwe.

Ndiye anayamba kulondera. Nyumba ya Ellina inali kuseri kwa nthochi, pabwalo la mayi ake. A Goliati anapeza ntchito zambiri pafupi ndi nthochizo: kupalira popalira kale, kunola khasu lakuthwa, kufunafuna nkhuku imene sinasowe. Ellina akatsokomola, iwo anali atagwira kale pampu. Amayi anawaingitsa kangapo ngati tambala wa pamphale yoyanika, koma ankangozungulira khola n'kubwereranso.

M'mwezi wa June, chiperoni chitafunda phiri la Chiradzulu ndipo nandolo ali maluwa achikasu m'minda, a dokotala Latifa anabweranso. Za mtsikana wa kutsidya anali atazimva. Sanaitanitse msonkhano wa pabwalo. Anasonkhanitsa amayi okhaokha m'kalasi ya pasukulu, anatseka chitseko, mazenera n'kutchinga ndi zitenje. A Goliati anadikira panja atavala jekete la kutchalitchi, kamvula kakuwaza. M'katimo munali manong'onong'o nthawi yaitali, kenaka phwete la kuseka, ndipo anamva dzina lawo kangapo. Anakonza kolala. Ankayesa akukambirana za mphatso.

M'mawa mwake dokotala anabwera ndi chitini cha penti wobiriwira ndi sipanala. Anapempha mwaulemu kuti mtanda ufufutidwe, belu lichoke, ndipo m'malo mwa lona woyera pakhale masaka osoka. A Goliati anafunsa ngati iwo alakwitsa china. Dokotala anati ulendo woyamba anafunsa za kutalika kwa njira, koma sanafunse amayiwo kuti amafuna kuyenda bwanji panjirapo. Tsopano afunsa, ndipo ayankhidwa.

"Zotsalazo adzakuuzani a Matilda nthawi yake. Inu mudzangomvera."

A Goliati anapenta okha, mtima ukuwawa. Kangolo katauma kanafanana ndi ngolo iliyonse ya kumsika, ndipo a Timoti anafunsa ngati ambulansi yayamba kuyenda ndi makala. A Goliati anadikira kuti a Matilda awauze zotsalazo. June anatha, July anatha, a Matilda osatsegula pakamwa. Pa ulemerero wonse uja chinawatsalira ndi lamulo limodzi, lakuti kangolo si ka katundu, ndipo analigwiritsa ngati munthu wogwira chipewa pamphepo ya mwera.

Chisanu chinachoka. Mango anachita maluwa n'kuyoyoka, fumbi linadzuka m'njira, nandolo anauma mpaka makoko ake ankathetheka okha dzuwa likakwera. Mavenda anapachika masikelo awo m'mitengo ya m'mbali mwa msewu, akuitanira aliyense wosenza thumba. Nandolo wa a Matilda anali atadulidwa, ali mulu pabwalo kudikira wopuntha.

M'mawa wina, atathamangitsidwanso ku nthochi kuja, a Goliati anakakhala pansi pa mtengo wa pamphambano akumata chubu, a Timoti ndi amuna ena akusewera bawo. Dzuwa linali litayamba kuluma. A Matilda anafika osathamanga, n'kunjuta chapatali monga amachitira mayi pamene pali amuna.

"Bambo a Ellina, kunyumba kuli nandolo wopita ku sikelo. Mubwere ndi kangolo."

A Goliati anaona kuti pali anthu omvera. Anaimirira chubu chili m'manja. Anati belu anachotsa, mtanda anafufuta, koma lamulo silinafufutidwe. Anati iwo analumbira pagulu, ndipo munthu ndi mawu ake. Anati mkamwini nayenso ali ndi pokanira. Nandolo wa pakhomo pawo sanapunthidwe n'komwe, ndiye wopita ku sikeloyo ndi wa yani? Ngati ndi wa alamu awo, mitu anapatsidwa yosenzera. Anapitiriza kufotokoza za kuchedwa kwa patatu, kuti kangolo kakapita ku nandolo mayi wina n'kudwala kumbuyo, mlandu ukhala wa yani. Analankhula bwino tsiku limenelo, amatero eni ake, mwina kuposa masiku onse.

A Matilda anadikira kuti apume.

"Ndi wa mbewu yanu yomwe, yaifupi ija. Wayamba kuthetheka m'mamawa."

Chubu chinagwa pafumbi. Amuna onse maso anali pa bawo, ngati m'maenjemo mwagwera chinthu chodabwitsa. A Timoti analankhula osadzutsa mutu.

"Pitani, amwene. Nandolo mtengo umatsika dzuwa likapendeka. Alamuwa ndiwanyamula ine."

Apo ndi pamene a Goliati anadziwa kuti a Timoti anamva pa mawu oyamba omwe, ndipo mwina bawo lonse, kupatula munthu mmodzi amene ankati ali pa kafukufuku.

Kangolo anakalowetsa kuseri kwa nthochi. Anauzidwa kuti ayang'ane kuphiri, ndipo analiyang'ana phirilo ngati akuliona koyamba. Kumbuyo kwawo kunali mapazi, kupuma kolemera, masaka akukokedwa. Atatembenuka anapeza masaka atatsitsidwa mbali zonse, kumapazi kuli matumba awiri odzaza makoko, oonekera kunja. A Matilda anawauza kuti asalonjere munthu, asayankhe zambiri, ndipo asathamange ngati anyamula wodwala mpaka atatuluka m'mudzi.

Zitunda za tsikulo eni ake saziwerengera. Amati chovuta chinali pakamwa. Mawu ankabwera okha mpaka pammero n'kumagogoda. Chala chinkafunafuna belu pahandulo n'kumapeza chitsulo chokha. Anthu ankawalonjera, iwo n'kungogwedeza mutu, mpaka mayi wina wosenza nkhuni anaima n'kufunsa mnzake ngati a Goliati achita sitiroko. Atadutsa nyumba zomaliza anaimirira pa njinga n'kupalasa ndi thupi lonse, akuzemba maenje amene ankawadziwa ngati mano a m'kamwa mwawo. Minda inali mbee, mapesi atagona. Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo.

Pamlatho panali venda wina wamakani, wa kapusi yofiira. Analumphira pamsewu n'kugwira handulo. Anati sikelo yake ndi yosaba, mtengo wake uposa wa kutsogolo, abwana angotsitsa matumba aone okha. A Goliati anati analonjeza kale kwina. Vendayo anatambasula dzanja kuti apapase saka. Pomwepo m'masakamo munatuluka kubuula, kochepa, kwa munthu woluma nsalu.

A Goliati anagwira msana n'kubuula nawo, mokweza, mpaka mbalame zinauluka m'bango. Anabuulanso n'kupindika pachishalo, maso atatuzula. Venda analeka handulo n'kubwerera m'mbuyo. A Timoti, amene anafika ndi a Matilda pakeliyala, anamuuza kuti awasiye achimwenewo, mwezi wawo wakwana. Anthu a pamlatho anaseka mpaka kugwira mawondo, ndipo kangolo kanadutsa pakati pa kusekako osasuzumiridwa.

Chitunda chomaliza n'chachitali, cha miyala. Miyendo inakana. Anatsika n'kumakoka njinga, chibwano chili pahandulo, a Timoti ndi a Matilda akukankha kumbuyo. Thukuta linkalowa m'maso. Pakati pa chitundacho anaima kuti akoke mpweya.

"Ababa," mawu anatuluka m'masaka, "musaime."

Chiyambire m'mawa a Goliati anali asanamve mawu a mwana wawo, ndipo mwambo unkati asawamve.

"Nandolo salankhula, iwe," anayankha.

Sanaimenso.

Pachipata cha chipatala mlonda anaona matumba a makoko n'kunena kuti amalonda salowa. Apa pakamwa panamasuka. Zonse zimene a Goliati anameza panjira zinatuluka kamodzi, ndipo anamwino anathamanga kuchokera m'mawodi mlonda asanapeze n'kiyi yemwe. Masaka anatukulidwa. A Goliati anayang'ana kumbali, koma anaona phazi laling'ono lotuwa ndi fumbi likupita pa bedi la mateyala, a Matilda akutsatira ndi beseni ndi zitenje. Chitseko chinatsekedwa.

A Timoti anabwerera kusiteji. A Goliati anakhala pansi pa jakaranda amene ankayoyola maluwa ake pafumbi. Kamvuluvulu anadutsa pabwalo, anatola mapepala n'kukawataya kumpanda. Panali amuna ena odikira, ndipo mmodzi anayesa kuwayambitsa nkhani ya mpira, koma iwo maso anali kuchitseko chija. Ankabwereza mumtima zonse zimene ananena pamphambano paja, chiganizo ndi chiganizo, akuyeza kutalika kwake. Za mkamwini zija akanazisiya. Za mitu ya alamu akanazisiya. Za kuchedwa kwa patatu ndiye zinatenga nthawi kuposa zonse. Mthunzi wa mtengo unawachoka n'kupita kum'mawa, iwo osasuntha.

Dzuwa litafiira a Matilda anatuluka, chitenje atamanga m'chiuno. Anakhala pansi pambali pawo n'kutambasula miyendo.

"Wachira. Amung'amba. Ndi wamkazi, miyendo yaitali ngati ya bambo ake."

"Nanga mwini wake?"

"Akupuma. Akuti tikanachedwa pang'ono zikanakhala zina."

Ananena osawayang'ana, ndipo a Goliati amati kukanakhala bwino akanawayang'ana. Kenaka a Goliati anafunsa chifukwa chimene sanawauzire kale kuti nandolo ndi chiyani. A Matilda anati amayi anakambirana zimenezo m'kalasi muja, ndipo anaona kuti akawauza mu June, pofika July adziwa ndi agalu omwe.

Dokotala atabweranso mvula yoyamba itagwa, fungo la dothi lili ponseponse, a Goliati anawauza kuti kafukufuku wawo anasiya chinthu chimodzi. Kulipo kuchedwa kwachinayi, kwa mwamuna wolalikira pansi pa mtengo, ndipo ngati akufuna kukulemba alembe ndi dzina lomwe. Dokotala anaseka mpaka anavula magalasi. Anati kumeneko n'kwa pakhomo komwe kuja, koyamba, ndipo amuna ali mmenemo ndi ambiri. A Goliati anakhumudwa pang'ono. Ngakhale pa kuchedwa sanapatsidwe malo awoawo.

Akuti zimene amayi ananena m'kalasi muja dokotala anakaziphunzitsa kusukulu yawo, ndipo tingolo timene tinabwera pambuyo pake kumidzi ya ku Nchema tinabwera topanda belu. Ka a Goliati kanayenda zaka zambiri. Nandolo akatha kankanyamula mbatata, m'dzinja kankanyamula maungu, ndipo nthawi zina, dzuwa la October lili pamutu, mayi ankabwera kudzanena za chimanga chachiwisi chopita ku sikelo, a Goliati osafunsa kuti chalimidwa dimba liti. Kulankhula sanasiye. Pasiteji anali yemweyo, wa nkhani za aliyense. Koma akamanga kangolo kumbuyo, anthu anazolowera kuwapatsa njira osawalonjera. Kenaka mawondo anayamba kulira pochoka pampando, ndipo njingayo anaipereka kwa wina wa miyendo yaitali.

Akamakamba za tsiku lija, amatsiriza ndi ulendo wobwerera. A Matilda anatsala kuchipatala, ndipo powatsanzika anawalamula kuti asauze munthu mpaka mchombo wa mwana utagwa. Za Mateyu amutumira uthenga amayi okha. A Goliati anabwerera ndi kangolo kopepuka kakudumphadumpha kumbuyo. Pamlatho venda uja anali akumasula sikelo yake, ndipo anafunsa ngati msana wachira. Anangokweza dzanja. Pamphambano amuna a bawo anadzutsa mitu n'kuwayang'ana kumaso. Iwo anayang'ana teyala lakutsogolo.

Pakhomo panali zii. Nkhuku zinali zitalowa zokha. Pabwalo panali mulu uja wa nandolo weniweni, wosapunthidwa, ukadali wofunda ndi dzuwa la tsikulo. A Goliati anauzungulira kamodzi. Kupuntha nandolo pamudzipo inali ntchito ya amayi, koma panalibe wowaona. Anatola mtengo wopunthira n'kumenya. Makoko anathetheka, njere zinabalalika pamkeka. Anawerama n'kunena chapansipansi kuti ndi wamkazi, ndi wamtali, onse awiri ali moyo. Anamenyanso, n'kunenanso. Pofika kachisisira mulu wonse unali utamva.